Funsani Azakhali: Juwisi wa mavwende ndi mandimu

Okutobala uja wafika abale, inu a kuno kuchigwa simufunika kuuzidwa. Ku Ngabu masana kukumatentha kupitirira madigiri 40, usiku mkeka panja, udzudzu nawo uli pomwepo kudikirira. Ndiye sizodabwitsa kuti mauthenga ambiri amene mwanditumizira mwezi uno ndi a zakumwa. Mavwende ali mbwee m'misika komanso m'mbali mwa M1, ndasankha mafunso okhudza iwowo. A nkhani za m'banja aja dikirani mwezi wamawa, sindinataye ayi.

*

Zakhali, mwana wanga wamkazi anapita ku ukwati ku Blantyre ndiye chibwerereni akungokamba za juwisi wa mavwende wothira mandimu amene anamwa kumeneko, akuti wofiira bwino wozizira, akufuna tizipanga kuno. Koma ine blenda ndilibe, fuliji ndilibe, magetsi amene kwathu kuno sanafike. Zingatheke kapena ndi za anthu a m'tauni basi?
Mayi wa ana anayi, Ngabu

Zitheka mayi, ndipo wanuyo akhoza kukoma kuposa wa ku ukwatiyo chifukwa vwende lanu lachoka kudimba dzulo lomweli pomwe lawo linakwera mapiri a ku Thabwa pa lole. Vwende ndi madzi okhaokha, pa magalamu 100 aliwonse pafupifupi 92 ndi madzi, silifuna makina kuti liwatulutse. Blenda asiyireni a mango ndi nanazi. Inu pezani beseni loyera la pulasitiki, sefa, mthiko, ndi manja osamba ndi sopo basi.

Choyamba tsukani vwendelo kunja musanalidule. Ena amati n'kutaya madzi poti khungu sitidya, koma taganizani, lakula litagona pa dothi, lakwera ngolo, lagubuduzika pamsika aliyense akuligogoda ndi manja ake, ndiye mpeni ukamalowa umatenga zonsezo n'kukazisiya mkati mmene mukufuna kumwamo. Mpeniwo nawo ukhale wotsuka, osati umene mwangotumbulira mlamba.

Mukadula chotsani zofiira zonse ndi sipuni muike m'besenimo, phwanyani ndi mthiko mpaka zikhale phalaphala, kenako sefani uku mukukanikiza ndi kumbuyo kwa sipuni. Njere ndi zotsalira zikhala pamwamba pa sefa. Ngati sefa palibe kansalu koyera kamene mwakawiritsa kagwira ntchito, ingofinyani. Vwende la makilo 5 limakupatsani pafupifupi malita 2.

Muyezo umene ine ndimaukonda ndi uwu: makapu 4 a madzi a vwende, theka la kapu ya madzi a mandimu (amakhala mandimu 3 kapena 4 kutengera kukula), makapu 2 a madzi akumwa, shuga masipuni aakulu 2, ndi kamchere kongotsina ndi zala. Kamcherako musakaderere, ndi kamene kamadzutsa kutsekemera kwa vwende, komanso munthu amene wakhetsa thukuta tsiku lonse thupi lake limakafuna. Shuga yambani ndi wochepa, lawani, mukaona kuti mandimu apambana ndiye onjezerani. Vwende likakhala lakupsa bwinobwino nthawi zina shuga safunika n'komwe, ndipo ndi mmene paketi yadulira masiku ano ngakhale nzimbe zili pakhomo pathu pompa pa Nchalo, imeneyo ndi nkhani yabwino. Shugayo musungunulireni kaye m'timadzi totentha pang'ono, mukamuthira wouma m'zozizira amangokhala pansi, womaliza kumwa ndi amene amamupeza yense.

Mandimu muziwakunkhuniza kaye pa tebulo ndi chikhatho musanadule, amatulutsa madzi ambiri. Njere zake zisagweremo ndipo musafinye mpaka kufika pa choyera cha mkati mwa khungu chija, kuwawa kumachokera pamenepo. Musasakanizire mu poto wa aluminiyamu, asidi wa mandimu amadya chitsulocho juwisi n'kumamveka kachitsulo m'kamwa.

Tsopano za kuzizira. Musadikire kuti muziziritse juwisi, ziziritsani vwende lisanadulidwe. Madzulo likulungeni m'chiguduli chonyowa muliike pakhonde podutsa mphepo, m'mawa munyowetsenso, ndipo madzi othiramo akhale a mumtsuko. Madzi akamauma pa chiguduli kapena pa mtsuko amachoka ndi kutentha, n'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira pomwe a m'chigubu amakhala ngati a tiyi. Ngati muli ndi mitsuko iwiri, waung'ono muulowetse mu waukulu, pakati pake mudzaze mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa, botolo la juwisi mkatimo. Zimagwira bwino miyezi inoyi pomwe mpweya uli wouma, mvula ikayamba mu Disembala ndi Januwale kukakhala chinyontho mphamvu yake imachepa. Sizifika pa fuliji, koma pakhosi pamadutsa bwino.

Akakhala kanthawi juwisiyu amalekana, zofiira pansi madzi pamwamba, sanawonongeke, ingotakasani. Koma pangani woti mumwe nthawi yomweyo. Kunja kukutentha chonchi, wopanda fuliji asapitirire ola limodzi kapena awiri ali pa tebulo.

*

Zakhali ine mavwende amandipusitsa heavy. Kunja looneka bwino lalikulu, kukafika nalo kunyumba mkati loyera lopanda kukoma ngati nkhaka, ndalama yapita. Ogulitsa amangoti ndi lakupsa bwana. Ndingalidziwe bwanji? Komanso ndikalisunga masiku angapo lingapse?
Mnyamata wa kabaza, Bangula

Achimwene, wogulitsa sanganene kuti katundu wake ndi wosapsa kkkk. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo: ayi. Vwende si nthochi kapena papaya, likathyoledwa lathyoledwa, shuga wake saonjezekeranso. Mukalisunga lingofewa n'kuyamba kuwola.

Ndiye litembenuzeni muone pamene linagonera pansi. Pakakhala pachikasu ndiye linakhalitsa kumunda, pakakhala poyera mbee kapena pobiriwira analithamangira. Linyamuleni, lizilemera kuposa mmene likuonekera. Khungu lonyezimira kwambiri nthawi zambiri ndi la losakhwima, lakupsa limakhala lothimbirira. Kugogoda kuja kumathandiza koma kumafuna khutu lozolowera, lakupsa limalira mozama ngati muli mphako, losapsa limalira mouma, lopsetsa limangoti phu. Ngati mukugula kudimba komweko yang'anani kachingwe kopotana kamene kamamera pa mtsitsi pafupi ndi pomwe vwende lagwirira, kakauma ndiye lakonzeka. Kukula musakutengere, laling'ono lakupsa limaposa chimphona chosapsa.

Zomaboola kachidutswa kuti mulawe zija ndi zabwino ngati akuboola inu mukuona, ndi mpeni woyera, ndipo mukukadya tsiku lomwelo. Loboola kale limene latsekedwa ndi kachidutswa kake lakhala padzuwa kuyambira m'mawa, lisiyeni. Likakupusitsanibe musataye, losatsekemera ndi lomwe limafuna mandimu ndi shuga, mu juwisi limabisala bwinobwino.

*

Azakhali ndithandizeni. Ndinayamba kabizinesi kogulitsa juwisi wa mavwende ndi mandimu pa msika, makasitomala anamukonda makamaka anyamata ogwira ntchito ku nzimbe, koma ikamakwana 1 koloko amakhala wayamba kusasa ndi kuchita thovu, botolo kufufuma, ena kubweza. Ndimapanga 5 koloko m'mawa, ayisi ndimagula kwa mayi wina wa difiriza, mabotolo amanditolera ana. Ndikulakwitsa pati?
Mayi wa geni, Nchalo

Mayi, kusasako ndi vuto laling'ono pa zimene mwalembazi, tiyamba nalo koma mukhale pansi.

Juwisi wa vwende ndi madzi a shuga opanda chowateteza. Pa kutentha kwa pa Nchalo tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa thobwa timachulukana msanga zedi, timadya shugayo n'kumatulutsa mpweya, thovu ndi kufufuma kwa botolo kuja ndi zimenezo. Mandimu amachedwetsako pang'ono koma saletsa. Kuyambira 5 koloko mpaka 1 koloko ndi maola 8, palibe juwisi wosaphika amene angapirire pamenepo popanda kuzizira kwenikweni. Njira zilipo ziwiri. Mupange kawiri, wochepa m'mawa wina chakumasana, mavwende osadula sawonongeka msanga ndiye palibe chimene mwataya. Kapena, ndipo iyi ndi imene ndingakulangizeni, mupange madzulo, muthire m'mabotolo osadzaza mpaka kukamwa, mukalipire malo mu difiriza ya mayi uja agone momwemo aume gwa. M'mawa muwaike mu cooler box, azisungunuka pang'onopang'ono uku mukugulitsa. Mukatero ayisi simugulanso, juwisi sasukuluka ndi madzi a ayisi, ndipo kasitomala amasangalala kulandira botolo loti mkati mukadali kachibuma. Magetsi akathima usiku n'kupeza sanaume, tsiku limenelo gulitsani m'mawa mokha. Wotsala madzulo atasungunuka musamubwezere mu difiriza kuti mugulitse mawa.

Tsopano zimene zandidetsa nkhawa. Ayisi amene mumagulayo, madzi ake mumawadziwa? Anthu ambiri amaganiza kuti madzi akauma tizilombo timafa. Sitifa, timangogona, ayisi akasungunuka timadzuka. Ndipo mabotolo otoledwa ndi ana m'ngalande ndi kuseri kwa mabala, ayi mayi, amenewo asiyeni lero lomwe. Simudziwa amene anamwera, simudziwa chimene anasungiramo, ena amaikamo petulo ena mankhwala a thonje. Gulani atsopano ndipo mtengo wake muuwerengere pa juwisi, kapena gulitsani pa kapu kuchokera mu ndowa ya mpopi yovindikira, makapu mukutsuka ndi sopo ndi madzi a klorini.

Sindikukuopsezani chabe. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022, m'nyengo ya namondwe Ana ndi Gombe, anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pofika 2023, ndipo Nsanje ndi Chikwawa anali m'gulu la maboma okhudzidwa. Nthawi imeneyo makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, a geni ambiri anakhala pansi. Chakumwa chosaphika ngati chanuchi ndi njira yachidule ya matenda amenewa ngati madzi ali okayikitsa. Madzi onse, othira mu juwisi ngakhale otsukira ziwiya, akhale owiritsa kapena othira WaterGuard kapena klorini amene amagawa alangizi a zaumoyo, mutsatire muyezo wolembedwa ndipo mudikire mphindi 30 musanawagwiritse ntchito. Zoti mandimu amapha tizilombo tonse musadalire.

Kafungo ka klorini kakakuvutani, thirani madzulo muvindikire, pofika m'mawa kamakhala katachepa, kotsalako mandimu amakabisa. Pitaninso mukaonane ndi a zaumoyo a pa msika wanu akuuzeni zofunika, ndipo tsiku limene mudzafune kumata lebulo n'kumaika m'mashopu dziwani kuti pamenepo pamafunika chiphaso cha a Malawi Bureau of Standards. Kabizinesi kanu ndi kabwino, anthu odula nzimbe ludzu lawo silitha.

*

Zakhali, apongozi anga akukaniza ana kudya mavwende akuti amayambitsa malungo. Zoona? Chinanso, wamng'ono wa miyezi 9 akutsegula m'mimba, ndingamupatse juwisi ameneyu kuti abwezere madzi m'thupi poti muli shuga ndi mchere?
Mtengwa, kwa Tengani

Mwanangu, malungo amabwera ndi udzudzu wa anofelesi basi, palibe chipatso chimene chimayambitsa. Zimenezi amanenanso za mango ndi nzimbe, chifukwa choti nyengo yake imakumana ndi nthawi imene udzudzu wachuluka, ndipo kuno kufupi ndi Shire ndi madambo ake udzudzu sutha chaka chonse. Apongozi musakangane nawo pagulu, atumeni bambo a ana akawafotokozere mwana wawo yemwe, inu muonetsetse kuti ana akugona mu neti ngakhale kutenthe bwanji. Chimene chingakhale choona pa mantha awowo ndi vwende lodulidwa kale limene lakhala likuteredwa ndi ntchentche, limenelo limatsegula m'mimba ndithu.

Za wamng'onoyo, ayi musamupatse. Juwisi ali ndi shuga wambiri mchere wochepa, kwa mwana wotsegula m'mimba shuga wochuluka amakokera madzi m'matumbo kutsegulako n'kuonjezeka. Chofunika ndi Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, kumamwetsa pang'onopang'ono, kuyamwitsa osasiya, ndi mapiritsi a zinki amene akakupatseni kuchipatala. Pitani naye lero. Akamalephera kuyamwa, maso akalowa, liwombo likalowa, akamangogona kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, musadikire kuti kuche. Ngakhale atachira, mwana wosakwana chaka safunika juwisi, kachidutswa ka vwende kochotsa njere kophwanya bwino kamukwanira, ndipo uchi asalawe mpaka atakwanitsa chaka.

*

Azakhali, ine ndili ndi zaka 58 ndipo anandipeza ndi matenda a shuga. Akazi anga akuti juwisi wa mavwende ndi wachilengedwe ndiye ndikhoza kumwa mmene ndingafunire bola tithire uchi m'malo mwa shuga. Ndimwe?
Bambo wopuma pa ntchito, Chikwawa boma

Bambo, mayi akunyumba akukufunirani zabwino koma apa aphonya. Uchi ndi shuga, madzi a nzimbe ndi shuga, thupi lanu silifunsa kuti wachokera ku fakitale kapena ku mng'oma. Vwende palokha lili ndi shuga pafupifupi magalamu 6 pa magalamu 100, zimene sizambiri mukamadya chidutswa chimodzi, koma mukalisefa mumamwa zidutswa zingapo pa kamphindi, zotsalira zimene zikanachedwetsa shuga kulowa m'magazi mwazitaya pa sefa. Kapu imodzi ya madzi a vwende osathira kalikonse ili kale ndi shuga wokwana timasipuni ta tiyi pafupifupi 4.

Ndiye kwa inu bola kudya kachidutswa mukatha nsima. Mukafunitsitsa chakumwa tembenuzani muyezo uja: kapu imodzi ya vwende, makapu 3 a madzi ozizira, mandimu, osathira chotsekemeretsa chilichonse, mumwe kapu imodzi. Ngati munauzidwanso za impso kapena BP, mchere uja musathire ndipo mukafunse ku kiliniki yanu kuchuluka kwa zipatso kumene mungadye, chifukwa impso zofooka zimavutika kutulutsa potaziyamu.

*

Zakhali musanditchule dzina. Anzanga ku bawo akuti mavwende amaonjezera mphamvu za kuchipinda makamaka choyera cha kukhungu chija. Ndiyambe kumwa jagi yonse?
Wamanyazi, Miseu Folo

Kkkkk a Wamanyazi, anzanu a ku bawo anamva mbali imodzi. Mu vwende mulidi chinthu chotchedwa citrulline, chimapezeka ndithu m'choyeracho, ndipo thupi limachisandutsa china chimene chimathandiza mitsempha ya magazi kumasuka. Koma chimene mungapeze mu jagi imodzi ndi chochepa, chimene mungaone msanga ndi maulendo a kuseri usiku wonse. Choyeracho kudya n'kosaopsa, mukhoza kuchipala n'kuphatikiza mu juwisi. Ngati vuto lilipodi ndipo lakhalitsa kayezetseni shuga ndi BP, kawirikawiri zimayambira kumeneko, a chipatala zoterezi amazimva tsiku ndi tsiku sakusekani.

*

Azakhali takhuta chifukwa cha malangizo anu. Kwathu kuno madzi a pa mjigo ndi amchere moti tiyi amene sakoma, ndikathira mu juwisi amaononga. Ndikawiritsa mcherewo utha? Komanso mandimu asowa, akapezeka ndi ouma odula. Pali china chowawasa chimene ndingathire?
Mphunzitsi, Makhanga

Aphunzitsi, mijigo yambiri ya kuchigwa kuno ili choncho, mcherewo uli m'nthaka momwemo. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma mchere sikuchotsa, madzi akaphwera mcherewo umachita kuonjezekera. Ubwino wake juwisi ameneyu sakakamiza madzi. Sefani vwende, finyirani chowawasa, imwani choncho osathira madzi ngakhale dontho, amakoma kwambiri kungoti vwende limodzi limakwanira anthu ochepa. Mukafuna kuchulukitsa thirani kapu imodzi yokha ya a pa mjigowo pa makapu 4 a vwende ndipo kamchere kaja musathirenso, kalowa kale. Madzi a mu Shire kapena mu Ruo alibe mchere koma amenewo ndi oyenera kudikira akhazikike, kusefa, kenako kuwiritsa kapena kuthira klorini, komanso potunga paja ng'ona musaziiwale.

Mandimu amachuluka nthawi yozizira, ambiri amatsika kuchokera kumtunda ngati ku Mwanza, ndiye pofika Okutobala amakhala atachepa, pomwe mavwende ndi pamene afika. Koma ife tili ndi bwemba. Tengani wodzaza dzanja, chotsani makoko, nyikani m'kapu ya madzi otentha kwa mphindi 20, fikisani ndi sipuni, sefani, muzithira pang'onopang'ono mukulawa poti ndi wowawasa kwambiri ndipo ali ndi kutsekemera kwakekwake. Mtundu umasintha, m'malo mofiira pyu umapita kofiirira, ana ena amayamba akayikira koma akalawa kapu sabweza. Malambe nawonso amatheka, anyikeni chimodzimodzi, kungoti amalimbitsa juwisi kukhala ngati phala la madzimadzi ndiye amafuna madzi ochulukirapo, kwa inu a mjigo wamchere bwemba ndi amene angakuyanjeni. Mukapeza ndimu ngakhale limodzi louma, liviikeni m'madzi otentha mphindi zochepa musanafinye, ndipo palani pang'ono khungu lake lakunja lokhalokha muthiremo kuti fungo la mandimu limveke ngakhale kuwawasa kukuchokera kwa bwemba.